Miyeso ya kwa Koh Ahin

Kutatsala masabata atatu kuti foni yatsopano ya kampani ina yotchuka itulutsidwe, aliyense m'tauni ya Garut ankaidziwa kale, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaigwirapo. Wometa tsitsi wa pafupi ndi msika ankalumbira kuti idzakhala yopyapyala ngati tsamba la nthochi. Wakabaza wina ankati ayi, idzakhala yopinda pakati, ndipo anamuuza ndi mlamu wake wa ku Jakarta. Ngakhale mayi wokazinga tofu, chakudya cha soya, pakhomo pa mzikiti anali ndi yakeyake: akuti makamera adzakhala anayi, ina yoona ngakhale mumdima.

Engkos ankamva zonsezi ataweramira chikopa. Anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo ankasoka m'kanjira kena ka ku Sukaregang, dera la osoka zikopa m'tauni momwemo, komwe fungo la zikopa za nkhosa limakulonjera usanaone nyumba. Anzake ankasoka majekete ndi nsapato. Iye kwa zaka makumi awiri ndi zisanu anasoka tizikwama ta mafoni basi. Ntchitoyi inali ndi vuto limodzi: kachikwama kankayenera kukhala kokonzeka tsiku lomwe foni yafika m'masitolo. Ukachedwa ndi sabata imodzi, ta pulasitiki totchipa timakhala titadzaza kale misika yonse. Choncho chaka ndi chaka Engkos ankasokera chinthu chimene sanachionepo.

Asanadule chikopa, ankayamba wasema kachipika ka thabwa kofanana ndi foniyo kutalika, kutambalala ndi kuchindikala kwake, kenako n'kukulunga chikopa chonyowa pa kachipikako kuti chiume chili m'maonekedwe omwewo. Tizipika takale sankataya. Tinali ndandanda pa shelefu pamwamba pa makina osokera, kalikonse kali ndi chaka chake cholembedwa ndi pensulo. Kumayambiriro kwa mzerewo kunali tonenepa tokhala ndi kanyanga, ta nthawi imene munthu ankakoleka foni pa lamba kuti msewu wonse uone. Kenako tinayamba kuchepa mpaka kena kangati bokosi la machesi, ndipo kuchokera apo tinayambanso kukula.

Mmawa wina mwana wake wamkazi, Nenden, amene ankagulitsa tizikwamato pa intaneti, anaika foni yake pa tebulo lodulira. Bambo akewo ankawatchula kuti Abah.

"Abah, miyeso ija ndi iyi. Anthu atatu osiyana alemba manambala ofanana. Ndipo anthu makumi asanu ndi atatu aitanitsa kale tizikwama."

Engkos sanadzutse mutu. "Anthu atatuwo akudziwana?"

"Ayi. Wina ali ku Korea, wina ku Amereka, wina sindikudziwa."

"Ndiye kuti mmodzi analota, awiriwo akopera."

"Abah! Chaka chatha si anthu omwewa anatipatsa manambala? Zinakwana bwinobwino."

"Chaka chatha kunalibe za kupinda pakati. Kunalibe za makamera anayi."

"Zimenezo ndi nkhani za kometera tsitsi, inunso mukudziwa."

Engkos anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pa thalauza. "Mawa ndipita ku Bandung. Ndikafunse Koh Ahin."

Nenden anati modabwa, "Koh Ahin? Abah, papita zaka zingati?"

"Kuwerenga ndimadziwa," anatero Engkos, n'kutenganso mpeni uja.

Zinali zaka zisanu ndi chimodzi.

Ahin, amene anthu ankamutchula mwaulemu kuti Koh, kutanthauza achimwene, ndiye anamulowetsa mu ntchito imeneyi. Pa nthawiyo Engkos anali kuyenda sitolo ndi sitolo mumzinda wa Bandung ndi chikwama cha malamba amene panalibe wowafuna. Anafika pa kashopu kakang'ono ka mafoni, atatopa, akungofuna pokhala. Mwini wake, bambo wochepa thupi wa magalasi, anagwiragwira lamba mmodzi, n'kumununkhiza, kenako anati, "Dzanja uli nalo, nzeru ndiye ulibe. Malamba aliyense ali nawo. Tazisokera nyumba izi." Ananyamula foni yolemera ngati njerwa n'kuigwetsera pa tebulo. Tizikwama khumi toyamba tinatha masiku awiri.

Chaka chotsatira Ahin anamuitanira kuseri kwa kabati n'kumunong'oneza chinsinsi. Anali ndi msuweni amene ankagwira ntchito ku fakitale ya mafoni ku Shenzhen, ndipo msuweniyo ankatha kutumiza miyeso ya foni isanatuluke. Kuyambira pamenepo, mwezi wa Ogasiti uliwonse Engkos ankakwera basi ya mmawa atanyamula bokosi la dodol, maswiti onata a mpunga amene Ahin ankawafera. Ahin ankatsitsa chitseko cha shopu mpaka theka, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kulemba manambala atatu kuseri kwa pepala la paketi ya ndudu. Mkazi wake Lan, amene anthu ankamutchula mwaulemu kuti Ci Lan, ankawathirira khofi uku akuseka. "Akazitape anga awiri," ankatero. "Imwani msanga apolisi asanabwere." Akatha zimenezo ankakhala mpaka madzulo, kukangana za mpira, za mtengo wa chikopa, za ana. Zaka zina miyeso inkakwana ndendende. Zaka zina inkaphonya, ndipo Ahin ankapukusa mutu n'kunena kuti akampani asintha pa tsiku lomaliza chifukwa anadziwa kuti chinsinsi chaululika.

Panalibe mkangano umene unawalekanitsa. Nenden atamaliza sukulu anayamba kupeza miyeso pa intaneti, yaulere, yosafuna maola atatu a m'basi. Chaka choyamba Engkos anati adzapita mwezi wa mawa kukangocheza. Chaka chachiwiri kunafika uthenga wakuti Ci Lan wamwalira. Inali sabata yomwe foni yatsopano inkatuluka, ndipo pa tebulo panali tizikwama mazana atatu tosamaliza. Anati akapepesa ntchito ikatha. Ntchito itatha anaona kuti wachedwa, ndipo anafuna kaye kupeza mawu abwino onena. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawuwo sanapezeke, ndipo manyazi anakula chaka ndi chaka mpaka anayamba kupewa ngakhale kutchula dzina la Bandung.

Mmawa mwake anagula dodol, bokosi lalikulu, n'kukwera basi.

Ku Bandung, chinyumba cha mashopu a mafoni mmene munali shopu ya Ahin chinali pomwepo, koma mkati anasochera kawiri. Paliponse panali zikwangwani zowerengera masiku otsala, ndipo ogulitsa ankaitana anthu kuti alembetse mayina pasadakhale. Pamalo pa shopu ya Ahin panali atsikana awiri ogulitsa tiyi wozizira m'makapu a pulasitiki. Engkos anaima pamenepo ndi bokosi lake m'manja ngati munthu wofika pa ukwati utatha.

"Mang wa zikopa! Ndi inu?"

Anali Imas, mayi amene kuyambira kale ankamata magalasi oteteza mafoni pa katebulo ka pafupi ndi masitepe. Tsitsi lake linali litachita imvi m'mbali. Mang, kutanthauza amalume, ndi mmene ankamutchulira Engkos masiku onse.

"Mukufuna Koh Ahin? Anatseka kalekale, chaka chomwe Ci Lan anatisiya. Maso anayamba kuwavuta, tizomangira tating'ono tija sankationanso. Ali kunyumba, kuseri kwa msika wa masamba, chitseko chobiriwira. Koma tandiuzani, Mang, inu mumadziwa zinthu: zoona kuti ikhala yopinda? Ndisaode magalasi olakwika."

"Ndikafunse kaye," anatero Engkos.

Anapeza Ahin atakhala pakhonde, akusadzula nyemba zaziwisi m'beseni. Anali atachepa thupi kuposa kale, ndipo magalasi ake anali ochindikala ngati pansi pa botolo. Engkos anaima pa geti, mawu onse amene anakonza m'basi atathawa.

Ahin anadzutsa mphuno m'mwamba. "Fungo la nkhosa yakufa ili ndikulidziwa. Talowa, usandithamangitsire oyandikana nawo."

"Kamwa lako silinakalambe, Koh."

"Latsala lokha. Wanyamula chiyani?"

"Dodol."

"Dokotala anandiletsa shuga," anatero Ahin, uku akung'amba kale pepala la pabokosi. Anaponya kamodzi m'kamwa, n'kutseka maso akutafuna. "Asintha. Kale ankanata kwambiri."

"Ndi mano ako atha."

Analowa m'nyumba. Pa kabati ya pakona panali chithunzi cha Ci Lan, pambali pake mbale ya malalanje ndi tindodo ta lubani totsala theka. M'chithunzimo ankaseka ngati mmene ankasekera akamathira khofi. Engkos anavula chipewa. Anaima patsogolo pa chithunzicho, n'kulankhula osatembenuka.

"Koh, sindinabwere. Uthenga ndinaulandira tsiku lomwelo. Ndilibe chonena chimene chingakonze zimenezo."

Ahin anali kuvutika ndi chivindikiro cha ketulo. "Inali sabata ya foni yatsopano. Ndinadziwa kuti tebulo lako ladzaza. Ndinauza mwana wanga kuti, musamudandaule Engkos, inenso ndikanakhala iyeyo..." Anaika ketulo pa moto. "Ayi. Kunama n'koipa. Ine ndikanabwera."

"Ndikudziwa."

"Ndinkayang'ana pa geti masiku onse atatu a maliro. Lan ankakukonda, mbuzi iwe. Ankati mwa anzanga onse ndiwe wekha umabweza kapu kukhitchini."

Engkos anapukuta m'maso ndi chipewa chija. Ahin sanamutonthoze. Anathira khofi m'makapu awiri, wina n'kutayikira pa tebulo chifukwa cha maso, ndipo onse awiri anamwa mpaka makapu anafika theka.

"Tsopano nena chimene wabwerera," anatero Ahin. "Ndi Ogasiti uno. Sindine wopusa."

"Anthu akulankhula zambiri chaka chino. Nenden ali ndi manambala ake a pa intaneti, koma mtima wanga sukukhazikika. Ndimati mwina msuweni wako uja..."

Ahin anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvula magalasi.

"Msuweni wanga? Akulima malalanje ku Kalimantan. Awo ali pa kabatiwo ndi ake. Anachoka ku fakitale kuja Nenden wako asanayambe n'komwe sukulu."

Engkos anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ukuti chiyani?"

"Anatumiza miyeso zaka zitatu zokha. Kenako anakwatira, n'kubwerera kwawo."

"Nanga manambala a zaka zonse zija?"

"Ndinkatenga foni ya chaka chapitacho, n'kuigwira m'manja, n'kukumbukira zimene makasitomala ankadandaula. Akati ndi yolemera, ndinkachotsako. Akati zilembo n'zazing'ono, ndinkawonjezera. Nambala yomaliza, ya kuchindikala, ankasankha Lan. Anali ndi mwayi mkazi amene uja."

"Koh! Ndinkadula chikopa cha ndalama zambiri chifukwa cha maloto a iwe ndi mkazi wako?"

"Ndipo kangati tinakhoza? Tawerenga. Kuposa theka!"

"Nanga chaka chimene ndinataya tizikwama zana lathunthu? Unandiuza kuti akampani agwira kazitape wina n'kusintha zonse!"

"Chaka chimenecho ndinalemba ndekha. Lan anali kwa mayi ake."

Engkos anaimirira. Anayenda mpaka pa khomo, akukumbukira mmene ankabisira kapepala kaja m'sokosi pobwerera ku Garut, mmene ankakanira kuuza ngakhale mkazi wake. Anakumbukiranso chitseko chotsitsidwa theka chija, ndi Ci Lan akuti imwani msanga apolisi asanabwere. Ndiye kuti mayi uja ankadziwa zonse, ndipo ankamuyang'ana chaka ndi chaka akunong'ona. Phwete linamutuluka m'mphuno asanalikonzekere. Anagwira chitseko, n'kuseka mpaka misozi inayambiranso.

"Chifukwa chiyani sunandiuze, wakuba iwe?"

"Ndikanakuuza ukanabweranso? Ndinaona mmene unasiyira mwana wako atapeza manambala aulere." Ahin anavalanso magalasi. "Komanso munthu wokhulupirira amadula chikopa dzanja lisakunjenjemera. Ndinkakuthandiza."

Engkos anakhalanso pansi. Panja wogulitsa masamba ankadutsa akuitana. Patapita kanthawi Ahin anafunsa, ngati sakufuna kwenikweni kudziwa, "Ndiye akuti ikhala yotani chaka chino?"

Engkos anamufotokozera zonse: za tsamba la nthochi, za kupinda pakati, za makamera anayi. Ahin ankamvetsera ataweramira kutsogolo, ndipo nkhope yake inayamba kubwerera mwakale.

"Kupinda ayi. Akampaniwo ndi amantha, sangayambe chaka chino. Kupyapyala, mwina pang'ono, koma batire aika kuti? Tandipatsa ya chaka chatha."

Engkos anatulutsa m'thumba kachipika ka chaka chatha. Ahin anakatembenuzatembenuza, kukayesa m'chikhatho, kukaika pa khutu, kukalowetsa m'thumba la malaya.

"Yakula mopitirira. Azimayi sangaigwire ndi dzanja limodzi. Aichepetsa m'mbali, ndikukuuza."

Ndudu anasiya kalekale, choncho anang'amba pepala la pabokosi la dodol. Analemba manambala awiri, akuluakulu, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala. Pa nambala yachitatu cholembera chinaima. Anayang'ana ku kabati kuja, kenako anakankhira pepalalo kwa Engkos.

"Iyi lemba iwe."

Engkos analemba.

Atabwerera ku Garut anafanizira manambalawo ndi a Nenden. Kutalika kunali chimodzimodzi, koma m'mbali a Ahin ankachepa ndi mamilimita awiri. Anasema tizipika tiwiri. Tizikwama makumi asanu ndi atatu ta oitanitsa aja anadula motsatira manambala a mwana wake, pakuti sanali wamisala. Koma anasankhanso chikopa chabwino kuposa zonse, chofewa, cha mtundu wa khofi, n'kudula tizikwama khumi pa miyeso ya pepala la dodol. Anatisoka pamanja, osati pa makina.

Nenden anatipeza titayanikidwa pawindo. "Abah, iti ndi ta ndani? N'tochepa."

"Ta kasitomala wina wa ku Bandung."

Nenden anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana tizikwamato. "Chikopa chabwino chonchi," anatero chapansipansi.

Tsiku lotulutsa foni lija litafika, nkhani inadzuka ndi anthu. Foniyo sinali yopinda. Makamera anali atatu ngati kale. Wometa tsitsi ankauza aliyense wokhala pa mpando wake kuti iye ananena kale zimenezi, ndipo wakabaza uja anati mlamu wake ankanena za chaka chamawa. Manambala a Nenden anakwana ndendende, moti tizikwama tonse makumi asanu ndi atatu tinapita osabwezedwa ngakhale kamodzi.

Patapita masabata awiri, cha m'ma leveni koloko mmawa, Engkos anamva mawu panja.

"Kodi kuno anthu amapuma bwanji? Tandionetsani kwa wosoka wonunkha kuposa onse."

Anali Ahin, atavala malaya ositidwa, ambulera m'manja. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za chinzake chawo, aka kanali koyamba kuti aponde ku Garut. Nenden anamulandira ndi manja awiri n'kumukhazika pa mpando wa bambo ake. Ahin anapempha kuti amutsitsire tizipika ta pa shelefu, ndipo ankatigwira kamodzikamodzi, kutizindikira ndi zala. "Aka tinakhoza. Aka tinakhoza. Aka... aka tisakakambe."

Mwana wa mwini fakitale ya majekete ya pafupi anali atagula foni yatsopanoyo, ndipo Nenden anakaibwereka. Ahin anatenga kachikwama kamodzi mwa khumi tija n'kuyesa kuilowetsa. Inalowa pakona pokha. Anaitembenuza, n'kukankha ndi chala chachikulu mpaka Nenden anakuwa kuti, "Koh, pepani, ndi ya eni ake!"

Ahin anaibweza, n'kupukusa mutu. "Akampaniwa alakwitsa. Imayenera kuchepa m'mbali."

"Tiwalembere kalata," anatero Engkos.

"Koma kuchindikala unakhoza. Taona, ndendende." Anasisita chikopacho. "Ndipatse tiwiri. Ndiziikamo mankhwala a m'maso."

Atadya mpunga ndi nsomba yowotcha, Ahin anafunsa ngati ku Cipanas, kumene kuli akasupe a madzi otentha, n'kutali. Engkos anati ayi, n'kumukweza pa njinga yamoto. Anakwera phiri pang'onopang'ono, Ahin atagwira malaya a mnzake ndi dzanja limodzi, ambulera ndi linalo, akudandaula pa bampu iliyonse.

Pakati pa sabata anthu anali ochepa. Anapinda mathalauza mpaka m'mawondo n'kukhala m'mphepete mwa dziwe, mapazi m'madzi. Nthunzi inaphimba magalasi a Ahin, ndipo anawavula n'kuwagwira m'manja.

"Lan ankafuna kubwera kuno," anatero. "Mawondo ankamupweteka. Chaka chilichonse ukachoka ankati, tiyeni timuperekeze Engkos tikaviike miyendo. Ine ndinkati, foni yatsopano ituluke kaye, shopu siingatsekedwe mwezi uno. Ikatuluka ndinkati, makasitomala achepe kaye." Anasuntha mapazi m'madzimo. "Ndiye usamaganize kuti mbuzi ndiwe wekha."

Awiriwo anakhala choncho mpaka zala za kumapazi zinachita makwinya.

Ahin anabwerera pa basi ya folo koloko. Mwezi wotsatira anabweranso, akuti madzi aja anamuthandiza msana, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, kupatula nthawi ya mvula yambiri, pamene Engkos ndiye ankapita ku Bandung. Wolondera pa geti la ku Cipanas anawazolowera mpaka anasiya kuwafunsa matikiti a njinga, ndipo akawaona akubwera ankauza mnzake kuti, "Awo afika madala okangana aja, tawasungira pakona paja."